Kumene Ankapita Madzi Osamba a Mwana Wanga

Mwana wanga ndinkamusambitsa cha m'ma folo koloko, dzuwa litapendeka, m'beseni lobiriwira long'aluka pamlomo. Anali ndi zaka zitatu. Ndikamukhazika m'madzimo ankagwira m'mphepete ndi manja onse awiri, maso atatsinzina, n'kumayimba nyimbo zake zopanda mutu, ine ndikumutsuka kuseri kwa makutu, m'khosi, m'mapindiko a mikono. Ndipo madzi aja ankasanduka. Ankayamba ngati madzi, n'kutha ngati otsukira mpunga.

Mwana wangayo ndi wachialubino. Kuchipatala ankatipatsa mafuta oteteza khungu ku dzuwa, oyera, olimba ngati phala logona, ndipo anandiuza kuti ndizimudzoza m'mawa, masana, ndi nthawi iliyonse akatuluka thukuta. Ndinkadzoza osasiya ngakhale kansonga ka khutu. Ndiye madzulo zonsezo zinkatsikira m'beseni.

Kwathu ndi ku Dedza. Ku Mzimba anandibweretsa ndi ukwati. Bambo ake a mwanayu ankacheka matabwa ku Luwawa, ankabwera kumathero a mwezi, mwezi wina kulumpha, akununkha utomoni wa paini, utuchi uli m'matumba a thalauza. Masiku ena onse tinali awiri, ine ndi kamtsikana kanga, m'nyumba ya lendi, mumdadada wa nyumba zinayi zoyang'ana kanjira kopita kumsika. Chitumbuka ndinkamva cha moni ndi cha pamsika basi. Anthu akaseka ine ndikudutsa, sindinkadziwa ngati akuseka ine kapena zawo.

Zinali zaka zija zoti ukatsegula wailesi umamva za ana onga wanga, wina wasowa, kwina manda afukulidwa. Zimenezo sindilemba. Ndingoti ndinasiya kupita naye kutchalitchi, tizovala take ndi kachipewa kake kakhonde ndinkayanika m'nyumba pachingwe, ndipo tikamapita kuchipatala ndinkamubereka n'kumufunditsa chitenje chachiwiri mpaka kumapazi. Mabanja atatu a pamdadada pathu ankadziwa, nanga akanalephera bwanji, koma ndinkadziuza kuti kuseri kwa mpanda wathu wa udzu palibe akudziwa.

Bafa inali imodzi ya tonse, madzi ake ankatuluka pansi n'kuyenda m'kangalande mpaka kunjira. Mwana ndinkasambitsira m'nyumba, madzi n'kukakhuthula kubafako. M'mawa wina m'chilimwe, ndikusesa, ndinaona kamzere. Pamene madzi anauma, dothi lofiira lija linali ndi zoyera m'mbali zonse ziwiri, ngati wina wadutsitsa choko, kuchokera pabafa, kulowa pansi pa mpanda, mpaka pamene aliyense amaponda. Mwina anali sopo wa tonse. Lero ndimatha kuganiza choncho. Tsiku limenelo ndinaona kuti dothi likuulula mwana wanga.

Amayi anga anandilangiza nditangochira kuti madzi osamba a khanda satayidwa poponda anthu, munthu woipa amatapa dothilo n'kukachita nalo zake. Izotu ankanena za mwana aliyense. Nanga wanga, amene anthu ena amati ngakhale tsitsi lake ndi chizimba? Ndili chiimire ndi tsache, bambo wina wa makala anatsika panjinga pomwepo, n'kuwerama kuti abwezere tcheni. Sindikudziwa chimene maso ake anaona. Atangochoka ndinapala kamzere konse ndi khasu, dothi ndinatapira m'jumbo, n'kukaponya m'chimbudzi.

Madzi akewo m'chimbudzi sindikanathira. Eni nyumba analetsa, ati dzenje lidzagumuka, ndipo akazi awo anali ndi makutu omva ngakhale kapu imodzi ikuthiridwa.

Kutsidya kwa msewu, kupitirira pampopi pomwe tinkatunga madzi, kunali nyumba za boma za chimbudzi chamadzi. M'nyumba imodzi munkakhala nesi amene ankatipatsa mafuta aja, mayi wonenepa wa ku Zomba, woseka ndi thupi lonse. Ndinapita kukagwada pakhonde pawo n'kufotokoza, mawu akuthamangitsana.

"Achemwali, khalani pampando kaye, mupume. Ndiye mukuti chimbudzi changa chizimwa madzi a mwana wanu tsiku ndi tsiku?"

"Ngati sizivuta, anesi."

"Chaona zambiri chimenechi, abale a amuna anga akabwera. Bwerani nawoni, mwina chiyerako."

Ndinagula ndowa yachivundikiro. Tsiku lililonse ndikamaliza kumusambitsa, ndinkamupukuta, kumuveka, kumukhazika pamphasa ndi chidutswa cha mbatata, kuthira madzi m'ndowa, kutseka chitseko ndi loko, ndowa pamutu, ulendo. Ndinkayenda mothamanga koma osathamanga, khosi lili chilili, makutu ali kumbuyo kunyumba. Pampopi nthawi imeneyo amayi ankakhala ali pamzere ndi zigubu zawo.

"Mama, madziwo mwawakana? Mukubwezera ku mpopi?" anatero wina tsiku lina, m'Chichewa kuti ndimve.

"Akukagulitsa kwa mabwana," wina anayankha. "Awo ngokoma chomene."

Anaseka, nanenso ndinaseka, n'kudutsa. Sindinaganizepo kanthu. Mtima wanga unali pa kachingwe ka m'chimbudzi cha anesi. Ndikakhuthula n'kukoka, madzi oyera aja ankazungulira kamodzi, kawiri, n'kumezedwa, m'mbale n'kutsala mwa mbee. Phokoso limenelo ndinalikonda. Masabata angapo ndinadya bwino, ndinayimba naye mwana nyimbo zake zija.

Koma munthu wamantha sakhalitsa pabwino. Tsiku lina nditakoka chingwe ndinaima n'kumayang'ana.

"Anesi, akatsika umu amapita kuti?"

"M'paipi."

"Paipiyo?"

"Ku madamu a suweji, kumunsi uko kuseri kwa bulugamu. Achemwali, mukufuna muwaperekeze?"

"Nanga zoyerazi n'chiyani kwenikweni? Si khungu lake likusuluka?"

Apa sanaseke. Anatenga botolo la mafuta pashelefu, n'kufinyira pang'ono padzanja langa.

"Si khungu ayi. Muli ufa umu, wa mtundu wa chitsulo, amati zinki. Amaupanga ku fakitale, tinthu ting'onoting'ono moti ngakhale makina athu aja oonera tizilombo ta malungo sangakaone kamodzi pakokha. Timakhala pamwamba pa khungu n'kumatchinga dzuwa. Mukasambitsa timachoka, tikaunjikana ndiye mumaona kuyerako. Mulibe mwana wanu m'menemo."

"Tadutsa pathupi pake."

"Eya, tadutsa."

"Timatha?"

"Tina amati timasungunuka pang'onopang'ono, tina ayi. Zambiri sindikudziwa, ine ndine wa jakisoni."

Kanthu kosaoneka, kosatha, kokhudza mwana wanga, kakuyenda pansi pa nthaka kupita kumalo amene sindinawaonepo. Masiku awiri ndinalimbana nazo. Tsiku lachitatu m'mawa ndinamudzoza, kumubereka, kumufunditsa, n'kutsata zivundikiro za simenti zimene anesi anati zimasonyeza pamene paipi yadutsa. Zinanditengera kuseri kwa nyumba za boma, kudutsa m'munda wa mapesi, kulowa m'mitengo ya bulugamu. Fungo ndi limene linandichingamira.

Panali mpanda wa waya, geti lotsegula, ndi madamu atatu otsatizana. Bambo wina wachikulire, wa ovolosi ndi majombo, anaima pangalande ya simenti akukokera zinthu kumtunda ndi leki ya mano achitsulo.

"Monire, mama."

"Yewo, adada."

"Mwasochera? Kuno anthu sabwera, amangotumiza katundu," anatero m'Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka.

Ndinanena kuti ndikufuna kuona kumene madzi amathera. Anandiyang'ana, anayang'ana mtolo unali kumsana kwanga, n'kutsamiritsa leki. Ndikhulupirira panapita zaka wina asanawafunse za ntchito yawo, chifukwa anandiyendetsa ngati akuonetsa mlendo munda wa chimanga chobereka bwino.

Poyamba panali zitsulo zoimika ngati mano a chipeso, zogwira nsanza, majumbo, zitsononkho. "Anthu a boma awa, mama, ophunzira chomene, koma onani zimene amaponya." Kenako damu loyamba, lakuda, la chikhungu pamwamba, likutulutsa tithovu ngati mowa ukuwira. Anati m'menemo zolemera zimatsika, ndipo tizilombo tosaoneka timadya zonyansa usana wonse popanda kulipidwa. Damu lachiwiri linali lobiriwira ndi ndere. Lachitatu madzi ake anali owoneka pansi m'mphepete, achule akulumphiramo, akakowa awiri ataima mbali ina. Kumapeto madzi ankatuluka m'kapaipi n'kulowa m'dambo.

Ndinapita pakapaipi paja n'kugwada, mwana ali kumsana. Ndinayang'anitsitsa. Madzi wamba.

"Adada, nanga kanthu kakang'ono kwambiri, kosaoneka ndi maso, ngati ufa wosalala, kamatuluka apa?"

"Kanthu kakang'ono sikayenda kokha muno yayi." Anatola mtengo, anauviika m'damu loyamba titabwerera, n'kuutulutsa uli ndi matope akuda. "Mwaonapo ufa ukagwera padzanja lonyowa? Mbwenu wamata. Ndi chimodzimodzi. Kamamatira ku zonyansa zinzake, zonsezo n'kutsikira limodzi pansi. Mwezi ndi mwezi madziwa akupita, koma tinthu tanuto tili apa, m'matope."

"Tonse?"

"Tonse yayi. Pang'ono timathawa ndi madzi, kudambo, mpaka kumtsinje. Ine ndimalonda matope, mama, sindine Chiuta."

Ndinayamba kupuma bwino. Pansi pa madzi akuda, kumene palibe munthu wanzeru zake angapise dzanja, panali pabwino kuposa dzenje lililonse limene ndikanakumba. Ndinali pafupi kutsazika. Kenako ndinamva ng'ombe, n'kutembenuka. Kuseri kwa damu kunali mulu waukulu wakuda, ndipo amuna awiri ankapakira ndi mafosholo m'ngolo.

"Awo akutani?"

"Manyowa. Damu likadzaza pansi, pakapita zaka, timaliphwetsa, timakumba matope, timayanika. Alimi a m'madimba amadzatenga, ena mpaka a njira ya ku Manyamula. Kabichi wake, mama, mutu ngati wa ine."

Ndiye kuti ulendo wonse uja, ndowa, loko, kachingwe, mapeto ake n'kupakiridwa m'ngolo ya munthu wosamudziwa. Ndinayenda mpaka pamulupo, amuna aja akundiyang'ana, ndinatapa ndi manja anga awiri n'kufikisa. Zinali zouma, zoyoyoka, zosanunkha ngati m'mene ndinkaganizira. Pamwamba pa mulu panamera timbande ta tomato tokhatokha. Ndinafukula, ndinafikisanso, kufuna kadontho koyera ngakhale kamodzi. Munalibe.

"Muli aliyense umo," anatero bambo aja kumbuyo kwanga. "Bwana wamkulu, nesi, mphunzitsi, mlendo wogona tsiku limodzi. Sankhanipo wanu ngati mungathe. Ine zaka zonsezi ndalephera."

Ndinaseka. Ndinaseka zenizeni, manja ali bii. Zimene tinthu tija timakachita m'dothi la kudimba, kaya m'kabichi, iwo sankadziwa, ndipo anesi nditawafunsa pambuyo pake anati ngakhale ophunzira akufufuzabe. Koma chimene ine ndinkaopa chinathera pamenepo. Palibe akanatapa mwana wanga pamulu umene uja.

Ndiye kumsana kunagwedezeka. "Amayi, kukununkha," anatero, n'kutulutsa kaphazi pansi pa chitenje, koyera, padzuwa. Ndinakabweza msanga. Amuna a ngolo anali atatembenukira kwina. Koma bambo aja anaona, ndipo nkhope yawo sinasinthe n'komwe.

"Musavutike, mama. Ndinakudziwani mutangolowa pageti. Ndinu mama wa ndowa."

"Ndowa yanji?"

"Akazi anga anamva kuchigayo. Mzimba yonse madzi amalowa m'nyumba, inu nokha amatuluka. Anthu anafunsana, wina anayankha, mbwenu nkhani yayenda." Anatsitsa mawu. "Amati faifi koloko ikakwana mumatseka ndi loko, mwana ali yekha m'kati. Ndapota, mama. Madzi tayani paliponse. Mwana musamamusiye."

Sindikukumbuka ngati ndinatsazika. Ndikukumbuka mapesi akundikala m'miyendo, mwana akugunda kumsana n'kumaseka poyesa ndi masewera, ndipo nkhope iliyonse imene ndinakumana nayo, wa njinga, mayi wa nkhuni, wogulitsa mayunitsi pansi pa ambulera, ndinkaifunsa mumtima: nawenso ukudziwa ola lake? Munthu wa ku madamu, kumapeto kwa tawuni, kumene anthu sapita, ankadziwa nthawi imene mwana wanga amakhala yekha. Amene anawauza ndi ine, ndi ndowa yanga pamutu, tsiku ndi tsiku, pamaso pa mzere wonse wa pampopi.

Masiku asanu ndi anayi otsatira sindinatuluke. Madzi anesi ankatitumizira. Mwana ndinkangomupukuta ndi kansalu konyowa. Bambo ake atabwera ndinawauza zonse asanavule n'komwe nsapato, ndipo anakhala pampando nthawi yaitali akupotokola chipewa m'manja. Sanandikalipire. Bola akanakalipa. Anapita kukaitana anesi, atatu tinakhala pansi, mwana akusewera ndi zitsekerero za mabotolo pakati pathu.

"Ndisiye ntchito, tidya chiyani?" anatero bambo ake. "Ku Luwawa timagona anthu asanu m'shedi, m'kati mwa nkhalango. Ku Dedza nyumba ya amayi ako ili kumapeto kwa mudzi."

"Tisamukire kwina, konkuno," ndinatero.

"Mzimba ndi yaing'ono, achemwali," anatero anesi. "Mukasamuka, ndowa ikutsatirani."

Mlongo wawo wa bambo ake anakwatiwa ndi wapolisi ku Mzuzu, ankakhala m'malayini a apolisi, m'kati mwa mpanda, pageti pali mlonda. Anali atanenapo kale kawiri kuti tim'patse mwanayo, ine n'kukana. Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, ana asanu. Mwana mmodzi amakwana pamphasa ya anzake. Mayi ake sakwana.

"Sakudziwa kumudzoza," ndinatero. "Amasiya kuseri kwa makutu. Aliyense amasiya kuseri kwa makutu."

"Muwaphunzitsa," anatero anesi.

"Sadya nyemba za makoko. Akagona amafuna agwire chala changa."

Mwana anandibweretsera chitsekerero chimodzi, ati ndi tiyi, ndimwe.

Anapita naye bambo ake Loweruka m'mawa. Ine anati ndisapite kudepoti, ndingalire anthu n'kumaonerera. Ndinalemba pepala ndi dzanja langa la sitandade sikisi, mbali zonse ziwiri, nthawi zodzoza, malo oiwalika, zakudya, mawu ake amene munthu wina sangamve tanthauzo lake. Ndinaliika m'thumba la diresi lake n'kumanga ndi pini. Iye ankangosangalala ndi za minibasi.

Za miyezi yotsatira ndilibe zambiri zolemba. Nyumba yopanda mwana imakhala yaukhondo. Manja anga ankadzidzimuka okha masana, kufuna botolo. Ndinkamva fungo la mafuta aja pa pilo, ndipo pilo ameneyo sindinachape mpaka linatha lokha. Ndinayamba kupita kutchalitchi, kumsika, kulikonse, wopepuka kumsana ngati mtsikana, ndipo amayi a pampopi anayamba kundipatsa moni wautali, wina mpaka anandipatsa mphangwe, ndiwo za masamba a nyemba, m'mbale. Anali anthu abwino, ambiri a iwo. Mwina onse. Ndi chimene chimandipweteka mpaka lero, kuti sindidzadziwa.

Ndinakamuona patapita miyezi itatu. Ndinatsika minibasi, ndinafunsa njira, pageti ndinanena dzina la alamu anga, anandilozera mzere wachitatu. Ndisanafike ndinamva ana akuchita phokoso pansi pa mtengo, akusewera chipako. Ndinayamba kuona chipewa. Chinali chatsopano, chachikulu, chomangidwa ndi chingwe pachibwano, chikuuluka pakati pa mitu ya anzake. Ankathamanga, mutu utapendekera mbali monga amachitira pofuna kuona bwino, akukuwa dzina la mnzake, ndipo anagwa, anadzuka yekha, n'kupitiriza.

Ndinali ndisanamuonepo akuthamanga panja. Zaka zitatu ndinali naye, sindinkadziwa kuti ali ndi liwiro.

Azakhali ake anamuitana. Anabwera akupuma mwamphamvu, anandiyang'ana chapafupi, nkhope yake pafupi ndi yanga, kenako anagwada monga anamuphunzitsira kugwadira alendo.

"Muli bwanji, amayi?"

"Ndili bwino, mwana wanga. Kaya iwe?"

"Ndili bwino." Anandilola ndimukumbatire, ndinunkhize m'khosi mwake, ndipinde khutu ndione kuseri. Kunali kodzozedwa bwinobwino. Kenako anayamba kusuntha m'manja mwanga, maso ali kumtengo kuja. "Amayi, ndi ine wogwira. Akundidikira."

Ndinali nditabwera ndi chitenje chachiwiri m'chikwama, ndi mawu amene ndinakonza njira yonse kuchokera ku Mzimba, oti ndiuze alamu anga kuti ndamutenga. Ndinamasula manja. Ndinakhala pakhonde mpaka dzuwa litapendeka ndikumuonerera, ndipo m'mawa mwake ndinakwera minibasi ndekha.